Msonkhano Wadzidzidzi pa za Umboni wa Mayi Etta Kachingwe

GULU LA AMALAWI NDI AZAMBIA OSAMALIRA OKALAMBA MU LONDON
Zolembedwa za msonkhano wa komiti

Tsiku: Loweruka, 14 Marichi 2026
Malo: Chipinda chaching'ono cha kuseri kwa tchalitchi, Tottenham
Nthawi yoyambira: 2:20 masana

Amene analipo:
Bambo Bonaventure Kalilangwe, Wapampando
Mayi Chileshe Mumba, Wachiwiri kwa Wapampando
Bambo Henderson Mtambalika, Mlangizi wa gulu pa nkhani za boma
Mayi Alinane Matupa, Mlembi
Mayi Etta Kachingwe, membala wa gulu, oitanidwa mwapadera

Amene anapepesa: Bambo Killian Gondwe, Msungichuma, anali pa shifiti ku Wembley.

1. KUTSEGULA

1.1 Wapampando anatsegula ndi pemphero lalifupi. Anati zolembedwa za msonkhano wapitawo ziwerengedwa tsiku lina, chifukwa nkhani ya lero ndi imodzi ndipo siyodikira.

1.2 Wapampando anakumbutsa komiti chiyambi cha nkhaniyo. Mu Novembala chaka chatha, mamembala khumi ndi awiri analemba umboni wa nkhanza zimene amakumana nazo kwa mabwana amene amawasainira viza. Onse analonjezedwa kuti umboniwo uwerengedwa ndi phungu mmodzi yekha, ndipo mabwana awo sadzauona. Bambo Mtambalika, amene amagwira ntchito ku kampani ya Marlbeck Public Affairs, anadzipereka kukonza zokumana ndi phunguyo mwaulere. Gulu linakumana naye ku Nyumba ya Malamulo pa 21 Januwale.

2. DANDAULO LA MAYI KACHINGWE

2.1 Mayi Kachingwe anafotokoza kuti agwira ntchito zaka zitatu ku nyumba ya okalamba ya kampani ya Fenwold Care, osalandirapo chenjezo ngakhale limodzi. Mu umboni wawo analemba kuti masiku ena amasiyidwa okha ndi okalamba khumi ndi asanu ndi anayi, ndi kuti gogo wina anagwa m'bafa n'kukhala pansi mphindi makumi anayi chifukwa panalibe wowathandiza kumunyamula.

2.2 Anati Lolemba pa 9 Febuluwale manijala anawaitanira mu ofesi, natseka chitseko, nayamba kuwerenga pa kompyuta. Zimene ankawerengazo zinali mawu a Mayi Kachingwe eniake, mzere ndi mzere, mpaka pamene analakwitsa kalembedwe ka dzina la mankhwala. Manijalayo anawafunsa ngati akudziwa munthu amene analemba zimenezo. Lachisanu la sabata yomweyo anachotsedwa ntchito pa chifukwa choti anachedwa kawiri mu Disembala.

2.3 Anaonetsa komiti kalata ya ku ofesi yoona za olowa m'dziko, ya pa 27 Febuluwale, yowapatsa masiku makumi asanu ndi limodzi kuti apeze bwana wina wowasainira viza, apo ayi achoke m'dziko muno. Kwatsala masiku makumi anayi ndi asanu. Ana awo awiri ali pasukulu ku Woolwich, ndipo wamkulu akulemba mayeso mu Meyi.

2.4 Mayi Kachingwe anati sanabwere kudzalira. Anati: "Ndabwera kudzafunsa funso limodzi. Pepala langa ndinalipereka m'chipinda chino. Linayenda bwanji kuchoka muno kukafika pa desiki ya manijala wanga?"

3. ZIMENE ZINAPEZEKA M'KAUNDULA WA BOMA

3.1 Mayi Mumba anati atamva nkhaniyi anapita pa intaneti kukafufuza m'kaundula wa boma wa makampani olembedwa ganyu kuti azilankhulira ena kwa nduna, amene kuno amawatcha ma lobbyist. Anafotokoza kuti makampani oterewa amayenera kulembetsa, ndipo miyezi itatu iliyonse amaulula maina a amene awalankhulira.

3.2 Mayi Mumba anagawira aliyense tsamba limene anasindikiza. Pansi pa dzina la Marlbeck, pa miyezi ya Okutobala mpaka Disembala, panali maina asanu ndi limodzi. Dzina lachinayi linali Fenwold Care.

3.3 Wapampando anafunsa Bambo Mtambalika ngati ankadziwa zimenezi pamene ankalandira maumboni. Bambo Mtambalika anavomera kuti ankadziwa.

3.4 Panali phokoso. Wapampando anapempha bata kawiri.

4. YANKHO LA BAMBO MTAMBALIKA

4.1 Bambo Mtambalika anati palibe lamulo limene iwo kapena kampani yawo anaphwanya. Marlbeck inalembetsa, ndipo dzina la Fenwold linaululidwa pa nthawi yake, poyera, pamene aliyense akanatha kuliona. Anati lamulo limafuna kuti yolembetsa ikhale kampani, osati wantchito aliyense payekha. Anati limakhudza kulankhula ndi nduna komanso alembi aakulu a maunduna, pamene iwo anatengera gulu kwa phungu wamba, ndiponso sanalipidwe. Anawonjezera kuti nkhani za Fenwold zimayendetsedwa ndi anzawo a pa nsanjika ina, ndipo iwo amaona za mayendedwe a sitima ndi mabasi.

4.2 Mayi Mumba anapempha kuti mawu awo alembedwe monga anawayankhulira, ndipo ndi awa: "Ba Henderson, ise sitinakufunseni za lamulo. Munankala pa mupando uyo, munadya na ise, munapempela na ise. Manje mufuna kutiuza ati tinafunika kuyenda pa intaneti kusakila ngati m'bale wathu ni m'bale wathu? Ndani amachita so?"

4.3 Bambo Mtambalika anati sanatchule za Fenwold chifukwa ankaopa kuti komiti iwakana, pamene iwo okha ndiwo anali ndi njira yofikira kwa phungu. Anati msonkhano wa pa 21 Januwale unayenda bwino, ndipo phungu uja analonjeza kufunsa funso m'Nyumba ya Malamulo.

4.4 Mayi Kachingwe anati funso lawo silinayankhidwe, ndipo analibwereza.

4.5 Bambo Mtambalika anafotokoza kuti maumboni aja anawasunga pa kompyuta ya ku ofesi kuti awasindikize bwino pa makina a kampani, ndipo anaiwala kuwafufuta. Malo amene anawasungawo amatsegulidwa ndi wantchito aliyense wa Marlbeck. Kumayambiriro kwa Febuluwale anamva mnzawo wina akukonzekeretsa akuluakulu a Fenwold mayankho a mafunso amene angabwere kuchokera kwa aphungu, ndipo m'zimene ankanenazo munali nkhani ya gogo wogwa m'bafa. Apo m'pamene anazindikira. Anafufuta mapepalawo tsiku lomwelo.

4.6 Wapampando anafunsa kuti linali tsiku liti. Bambo Mtambalika anati pa 3 Febuluwale. Wapampando anafunsa ngati pa masiku asanu ndi limodzi amene anadutsa Mayi Kachingwe asanaitanidwe ndi manijala anaimbirako foni munthu aliyense wa gulu lino. Bambo Mtambalika anati ayi. Anati ankayembekeza kuti zingothera pomwepo.

4.7 Wapampando anati akhala mu London zaka makumi awiri ndi ziwiri, anyozedwapo m'basi, anamizidwapo ndi eni nyumba, koma sanachitepo manyazi ngati lero, chifukwa ndi iwo amene anaima kutsogolo kwa anthu khumi ndi awiri aja n'kuwauza kuti asaope.

4.8 Mlembi anapempha kuti zilembedwe kuti ndi iye amene anatumiza maumboniwo kwa Bambo Mtambalika pa imelo osachotsa maina ndi malo a ntchito, ngakhale komiti inagwirizana kuti maina achotsedwe. Anati anatopa tsiku limenelo ndipo anaganiza kuti akutumizira munthu wa kwathu.

5. PEMPHO LA LOYA

5.1 Mayi Kachingwe anati loya wa bungwe lothandiza apantchito ku Woolwich wawauza kuti mlandu wawo ungalimbe ngati patapezeka umboni woti Fenwold inali ndi pepala lawo isanawachotse ntchito. Loyayo akufuna kalata yosainidwa ndi munthu amene anaona zimenezo, ndipo akuifuna pofika Lachitatu.

5.2 Wapampando anafunsa Bambo Mtambalika ngati alemba kalatayo.

5.3 Bambo Mtambalika anati anasaina pangano losunga chinsinsi cha kampani, ndipo akalemba kalatayo ntchito yawo yatha. Anaulula kuti nawonso viza yawo inasainidwa ndi Marlbeck, ndipo kwatsala miyezi khumi ndi umodzi kuti akwanitse zaka zofunika kuti apemphe chilolezo chokhazikika m'dziko muno. Akazi awo ndi oyembekezera.

5.4 Mayi Kachingwe anati: "Ndiye kuti mukudziwa mmene zimakhalira, achimwene. Ine ndimaganiza kuti simukudziwa. Ndinali nditakukhululukirani pang'ono chifukwa ndimati mwina anthu a masuti sadziwa kuti pepala limodzi lingathe kuchotsa mwana pasukulu."

5.5 Bambo Mtambalika anapempha sabata imodzi yoti aganize. Mayi Mumba anati Lachitatu si sabata imodzi. Wapampando analemba dzina la loya ndi keyala yake pa kapepala, napereka kwa Bambo Mtambalika. Iwo analandira, napempha kuti atuluke. Anachoka nthawi ya 3:35.

6. ZIMENE KOMITI INAGWIRIZANA

6.1 Kuti Bambo Mtambalika achotsedwe pa udindo wa mlangizi kuyambira lero. Onse atatu oyenera kuvota anavomereza.

6.2 Kuti gulu likhale ndi kaundula wakewake. Aliyense wa mu komiti, ndi aliyense wodzipereka kutilankhulira kwa phungu, khansala kapena wa boma, azilemba kumene amagwira ntchito ndi makampani onse amene bwana wake amawatumikira, asanaone pepala la membala aliyense. Wapampando anati ayamba ndi iwo, ndipo anatchula malo awo a ntchito pomwepo.

6.3 Kuti Mayi Mumba alembe kalata kwa phungu uja yomuuza zimene zachitika, ndi kumupempha kuti akankhe zoti lamulo la kaundula likulitsidwe: lizikhudzanso okalankhula ndi aphungu, lizitchula maina a antchito onse ochita ntchitoyi, ndipo lizikakamiza wolankhulira anthu kuwauza pamaso ngati kampani yake ikutumikiranso amene akulimbana nawo. Mayi Mumba anati kaundula amene amakuuza zoona nyumba itapsa kale ndi wothandiza olemba mbiri basi. Wapampando anapempha kuti mawu amenewo asalowe m'kalatayo. Mayi Mumba anati aona.

6.4 Kuti mamembala onse afunse kumalo awo a ntchito ngati kuli mpata wosainira viza, ndipo dzina la Mayi Kachingwe likhale loyamba pa mndandanda wa amene gulu likuwafunira ntchito.

6.5 Mlembi anapempha kutula pansi udindo. Mayi Kachingwe, ngakhale savota, anapempha kuyankhula. Anati kutula udindo n'kophweka, ndipo pali anthu ena khumi ndi mmodzi amene sakudziwa kuti maina awo anakhala miyezi iwiri pa kompyuta ya Marlbeck. Anati Mlembi awaimbire yekha mmodzimmodzi lero lomwe, awauze ndi pakamwa pake. Komiti inakana pempho la Mlembi ndi kuvomereza la Mayi Kachingwe.

7. ZINA NDI ZINA

7.1 Mlembi anafunsa ngati dzina la Mayi Kachingwe libisidwe m'zolembedwa zino. Mayi Kachingwe anakana. Anati analibisa kale ndipo silinabisike, tsono lilembedwe lonse, ndipo kalata ya kwa phungu akaipereka okha pamanja.

7.2 Panalibe nkhani ina.

8. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

8.1 Komiti idzakumananso Loweruka pa 21 Marichi, 2 koloko masana, malo omwewa.

8.2 Mayi Mumba anapemphedwa kutseka ndi pemphero koma anati mtima wawo sunakhale m'malo. Anapemphera Wapampando. Msonkhano unatha nthawi ya 4:10.

9. ZOWONJEZERA ZA MLEMBI, LACHITATU PA 18 MARICHI

9.1 Anthu khumi ndi mmodzi aja anaimbiridwa onse Loweruka. Atatu anadula foni Mlembi asanamalize. Mmodzi wapempha kuti dzina lake lichotsedwe m'gulu.

9.2 Loya wa ku Woolwich watsimikiza kuti Lachiwiri m'mawa Bambo Mtambalika anafika okha ku ofesi yake ndi kalata ya masamba awiri, naisaina pamaso pake. Madzulo a tsiku lomwelo anaimitsidwa ntchito ku Marlbeck. Loyayo wati kalatayo ithandiza pa mlandu, koma siimitsa masiku a Mayi Kachingwe, amene atsala makumi anayi ndi limodzi.

9.3 Wapampando walamula kuti dzina la Bambo Mtambalika lilembedwe pa mndandanda wa amene gulu likuwafunira ntchito. Mayi Mumba atsutsa mwamphamvu, ndipo apempha kuti kutsutsa kwawo kulembedwe. Mayi Kachingwe atafunsidwa pa foni anati: "Alembeni. Koma pansi pa langa."

Wasaina: B. Kalilangwe, Wapampando
Wasaina: A. Matupa, Mlembi