Munkati mukutulutsa mphaka

Amayi,

Kodi kumeneko muli bwanji, tulo mukupeza? Ndafunsa dala, chifukwa ine kuno ku Chintheche sindikugona, ndipo mlandu wake ndi wanu. Patha miyezi isanu ndi iwiri chikuikireni m'manda ku Ntcheu, koma ntchito imene munandisiyira sinathe. Ndiyamba ndi nkhani zabwino, paja munkati munthu ayambe wakhala pansi asanatule madandaulo. Koma dziwiranitu kuti ndakwiya nanu, ndipo ndifikako.

Mkazi wa achimwene a Yohane anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu, Elube. Akuti mphuno ndi yanu, liuma ndi lanunso, akakana bere wakana basi. Kachewere kudimba kwanu kuja wachita bwino, koma nyemba zinaola ndi mvula. Tadala wanga wakhoza, ali mu Sitandade 7, ndipo Chitonga akuchilankhula ngati anabadwira m'bwato, ine ndikayesa amandiseka mpaka kugwa pansi. Bambo ake akadaphikabe ku loji ya ku Kande. Denga la khitchini likudontha pomwe paja munkatchera ndowa.

Tsopano za mphaka wanu.

Mukukumbukira mmene munabwera naye, mutamukulunga m'chitenje, mutamutola kumsika kuseri kwa ogulitsa usipa. Ine ndinakana, ndinati m'nyumba mwanga simulowa mphaka. Inu munangoti, "Nyumba ndi yako, koma makoswe ndi a tonsefe." Munamutcha Kondowole chifukwa ankakukakamirani ngati nsima ya chinangwa ija munaikana mpaka tsiku lomaliza. Masana ndi mphaka wabwinobwino, amangogona pampando wanu. Koma ikangokwana 2 koloko usiku amayamba kukanda chitseko, n'kumalira ngati khanda loti laumidwa ndi njala. Chichokereni inu sanaphonyepo usiku ngakhale umodzi.

Palibe chimene sindinayese. Ndinamukhutitsa usipa madzulo kuti agone, anadya n'kudzukabe nthawi yake. Ndinamutsekera m'khitchini, anang'amba thumba la ufa. Ndinasiya zenera lotsegula kuti azidzitulukira yekha, amene analowa ndi udzudzu, iye zenera sanaliyang'ane n'komwe. Ndinamugoneka panja, analira kuti alowe, atalowa anadikira 2 koloko n'kuliranso kuti atuluke. Chondipsetsa mtima kwambiri chinali chakuti ndikatsegula, satuluka. Amaima pakhomo, mchira uli m'mwamba, n'kumandiyang'ana ngati pali chimene ndaiwala. Silipasi zanga zonse zinauluka pa mphaka ameneyu. Kuntchito ndinayamba kuwodzera, tsiku lina ndinalemba dzina la mayi mmodzi kawiri m'kaundula mpaka mnzanga anandifunsa ngati ndili ndi pakati.

Ndipo ndinkamuda kuyambira kale, muli moyo. Ndikamva mpiringidzo wa chitseko usiku ndinkafunsa kuti ndani, inu n'kuyankha chonong'ona: "Gona iwe, ndikutulutsa mphaka." Mawu amenewa ndinawamva chaka chathunthu ndi miyezi. Ndinkatembenuka n'kugona, ndikutukwana mphaka mumtima kuti akuzunza munthu wamkulu.

Sabata yatha kunabwera anyaChirwa, eni nyumba yathu, aja munkakhala nawo pakhonde mukusenda chinangwa. Sanakhale n'komwe pansi. Anati chona ameneyu achoke, paja kuno mphaka amati chona. Anati kumjigo anthu ayamba kulankhula, akuti mphaka wolira nthawi imodzimodzi chichitikireni maliro si mphaka wamba, ena akuti inuyo simunapite bwino. Anati mwezi ukamatha pachoke chimodzi, chona kapena ife. Bambo a Tadala anabwera ndi thumba n'kunena kuti Loweruka amutengera ku Kande, kustolo ya loji kuli makoswe ambiri. Ndisakunamizeni, Amayi, ndinasangalala. Zibowo zopumira pathumbapo ndinaboola ndine.

Lachinayi usiku analira monga mwa masiku onse. Ndinali nditagwira ntchito tsiku lonse, mutu ukuwawa, ndipo ndinati lero yekha ndimuphunzitsa asanapite. Ndinatenga tsache, ndinatsegula, ndinatuluka naye panja. Aka kanali koyamba kuti ndiponde kunja kwa chitseko nthawi imeneyo. Iye sanathawe. Anatsogola pang'onopang'ono, akucheuka kuona ngati ndikubwera. Anadutsa chimbudzi, anazungulira kuseri kwa bafa, mpaka pa mtondo wosweka uja unavundikiridwa pafupi ndi nthochi. Anakwera pamwamba pake, anapinda miyendo, n'kukhala phee, ngati munthu amene wafika pamalo pake. Zinandinyansa. Ndinaponya tsache, iye analumpha, ine ndi ukali ndinakankha mtondo ndi phazi, unagubuduka.

Pansi pake panali jumbo yakuda yomanga bwino.

Ndinaimasula ndikuwalitsa ndi foni. Munali zidutswa za chitenje chanu cha maluwa ofiira, chija munati akuba anachichotsa pachingwe, mpaka munakalipira ana a eni osalakwa. Munachidula tizidutswa, munatichapa mpaka tinapyapyala, koma madontho a magazi sanachoke onse. Munali kasopo kotsala pang'ono. Munalinso kabuku ka kuchipatala kamene sindinakaonepo, kolembedwa dzina la kwa bambo anu, osati la ukwati, kuti wina asakuzindikireni kuti ndinu mayi wa nesi wa ku Chintheche. Ndinakhala pansi padothi n'kuwerenga. Zolembazo sindinavutike nazo, ndi mawu omwewo amene ine ndimalemba ndi dzanja langa. Khansa ya khomo la chiberekero, ikadali poti angathe kuithandiza. Pakati pake panali kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu ku Mzuzu, yopindidwa panayi, yoti sinayendepo. Tsiku limene analemba linali chaka ndi miyezi inayi musanamwalire. Ndinawerengera, ndinapeza kuti ndi sabata ija munati mukupita ku Limphasa kukagula mpunga, n'kubwera madzulo ndi kampunga kodzadza mbale imodzi, mukuti wabwino unali utatha. Simunatsike ku Limphasa. Munapitirira mpaka kuchipatala cha ku boma.

Amayi, munandinamiza. Pabedi paja, magazi atakutherani, milomo itayera, ndinakufunsani kuti zinayamba liti. Munandiyang'ana m'maso n'kunena kuti zangoyamba mwezi wathawu. Ndinakukhulupirirani. Ndi zimene ndinauza achimwene, ndi zimene ndinauza anthu pamaliro, iwo n'kumandipepesa kuti matenda ena amathamanga. Pomwe matenda anu sanathamange ayi. Anayenda pang'onopang'ono m'nyumba mwanga, kudutsa pakhomo pa chipinda changa usiku uliwonse, inu muli ndi beseni m'manja, mukukachapa nsanza mumdima kuti ine ndisaone.

Ine amene Lachiwiri lililonse ndimayeza amayi matenda omwewa! Yunifolomu yovala tsikulo munkandisitira ndinu. Munkandimva patebulo ndikudandaula za amayi obwera mochedwa, zinthu zitaonongeka kale, ndipo munkandiyankha mukuoola fupa la nsomba kuti ndisamawakalipire, anthu ali ndi manyazi. Ndinkayesa mukuwamvera chisoni iwowo. Munkadziikira kumbuyo nokha, ndipo munkadya nane mbale imodzi mukudziwa.

Ndikudziwa chimene mungayankhe, chifukwa munandilera ndinu. Mukanati mwana sangaone thupi la mayi ake, ndi zolaula, kwathu sizichitika. Chabwino. Nanga anesi ku Malawi kuno ndine ndekha? Mukanangonena kuti mwanawe, ndiperekeze ku Mzuzu. Ndikanakusiyani pakhomo la dokotala, ine n'kukhala pabenchi panja, osafunsa kanthu. Ulemu umene munausungawo wandipindulira chiyani? Munaopa kuti ndingaone, koma pamapeto pake ndinaonabe, ndine ndinakusambitsani masiku atatu omaliza aja, nthawi imene kuona kwanga kunalibenso ntchito. Elube wamng'onoyu akanakhala pamsana panu lero. Mwamumana agogo chifukwa cha manyazi, ndipo zimenezi sindinakukhululukireni.

Kutacha ndinapita kwa anyaChirwa ndi kabuku kaja. Ndinangokaika pamphasa. Sanafunse kuti n'chiyani. Anagwira pakamwa, kenako anati:

"Anesi, ine amayi anu ndinkawaona pa zenera. Iwo akuchapa, chona ali pa mtondo kuwadikira. Anandigwira mwendo kuti ndisakuuzeni. Sono chona uyu akalira, ine tulo palibe, ndikumva madzi m'beseni."

Za kumjigo zija anavomera kuti anawonjezera okha, analankhulapo ndi munthu mmodzi kapena awiri basi. Amafuna mphaka achoke kuti iwo apeze tulo. Ndinawalankhula mawu amene simukanakonda kuwamva, munthu wamkulu ngati uja. Analira, anati chona akhale, ifenso tikhale. Sindinathokoze. Mpaka lero timangopatsana moni wapatali.

Koma ndisamangoloza ena. Pakati pa chipinda changa ndi chanu pali khoma la njerwa imodzi. Mpiringidzo uja umalira, ndinkaumva. Mphaka wanji wotulutsidwa ola lathunthu? Ndinkaona mukuchepa thupi, inu n'kumati ndi chakudya cha kunyanja chimene sichikukuyanjani, ine n'kuseka. Ndinafunsa kuti ndani maulendo osawerengeka, koma sindinadzukepo ngakhale kamodzi. Amene ankadzuka ndi Kondowole. Iye sanayambe khalidwe limeneli, munamuphunzitsa ndinu, munamusandutsa chonamizira, ndipo ine ndakhala ndikumugenda ndi silipasi chifukwa choti sanaiwale nthawi yanu.

Loweruka m'mawa bambo a Tadala anatenga thumba lija n'kuyamba kuitana mphaka. Ndinawalanda, ndinathiramo makala. Nditawaonetsa kabuku anakhala pakhonde mpaka maminibasi awiri anawadutsa. Achimwene sindinawauze, si nkhani ya pafoni, ndikawauza maso ndi maso ndikapita kukaona mwana. Koma mng'ono wanu, amayi aang'ono a Rozina, ndinawaimbira tsiku lomwelo kuti abwere adzayezedwe. Anayamba nyimbo yanu yomweyo, yoti iwo sangavule pamaso pa mwana. Ndinawauza kuti adzawayeza ndi mnzanga, ine ndidzakhala panja, ndipo akapanda kubwera ndikawanyamula ndekha. Amva kuti sindikuseka.

Ndikuuzeninso china chochititsa manyazi. Zaka zonsezi ndikuyeza anthu, ineyo ndinali ndisanakwerepo pabedi limene lija. Ndinkati ndilibe nthawi, koma zoona zake n'zakuti ndinkachita manyazi ndi anzanga a kuntchito. Ndinayamwa kwa inu. Lachiwiri lapitali ndinatseka chitseko, ndinauza mnzanga kuti ayambe ndi ine. Wandipeza ndili bwino.

Kondowole sanasinthe, 2 koloko ikakwana amakanda chitseko. Tsopano ndimavala juzi yanu n'kutuluka naye. Mtondo ndinaubwezera pamalo pake. Iye amakwera, ine ndimakhala pamwala umene ndikuganiza kuti munkaikapo beseni. Sitichedwa, pakangopita kanthawi amatsika yekha n'kutsogola kubwerera m'nyumba, ndipo amagona mpaka kucha. Miyezi yonseyi sankafuna kunja ayi, ankafuna munthu woti amuperekeze. Pamwala pamenepo ndi pamene ndimakukalipirani bwino, mwina mumandimva.

Dzulo usiku ndikutsegula, mpiringidzo unalira, ndipo Tadala anafunsa ali m'chipinda kuti ndani. Amayi, pakamwa panga panayankha pokha: "Gona iwe, ndikutulutsa mphaka." Mawu anu, kanenedwe kanu komwe. Ndinaima pakhomopo. Mwanayo anali atatembenuka kale kuti agone, monga ndinkachitira ine. Ndinabwerera, ndinamudzutsa, ndinamufunditsa chitenje, ndinatuluka naye limodzi ndi mphaka. Kuseri kwa bafa kuja ndinamuuza zonse, za beseni, za chitenje cha maluwa ofiira, za kalata yopindidwa panayi. Ndinamuuza kuti akadzamva chitseko usiku asadzafunse ali chigonere, adzadzuke adzaone. Mukanakhalapo mukanati ndalaulira mwana. Nenani zimenezo kumeneko, kuno ndanena kale.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo n'chifukwa chake mkwiyowu sukutha msanga. Mphaka wanu sapita ku Kande, ndimusunga mpaka adzafe ndi ukalamba pampando wanu. Ndipo ndikukulonjezani kuti tsiku limene thupi langa lidzayambe kundivuta, Tadala adzamva kuchokera pakamwa panga, masana, tili pakhonde. Sadzamva kwa mphaka.

Ndine mwana wanu,
Esinati