M'bale wa pagalasi

Lolemba, 3 Malichi

Sindinagone. Ndivomere pano poti pepala silipita kwa abusa. Chondisowetsa tulo si msana, si udzudzu. Ndi resiling'i, masewera omenyana aja a pa TV.

Ine m'babashopu sindilowamo. Mayi wa gulu la mapemphero kukakhala pakati pa anyamata, tsitsi lili mbwee pansi, ayi. Koma makina anga osokera ali pakhonde, chitseko cha a Wometa chimakhala chotsegula, ndipo galasi lawo lalikulu limaonetsa TV yonse. Ndikangokweza mutu, zonse zili apo. Ndinayamba ndi kupumitsa khosi. Pano ndimadziwa amene ali ndi lamba wa ukatswiri.

Wanga ndi Mlaliki. Dzina la pababashopu limenelo, lake lenileni limandivuta lilime. Amagwada asanamenyane, n'kuloza kumwamba. Sabera. Mwezi watha mdani wake Chindevu anam'ponya kuchokera pamwamba pa makwerero kugwera patebulo. Tebulo pakati phwa. Kolala m'khosi, machira, ambulansi. Mkazi wake akulira pambali. Tsiku limenelo ndinalumikiza mkono wa diresi kumanzere pomwe unali wa kumanja.

Lachinayi lake, Amayi abusa atafunsa za odwala, ndinakweza dzanja. Ndinati pali m'bale wina kunja, wathyoka khosi ali pantchito. Palibe liwu labodza pamenepo. M'bale, si amagwada? Kunja, n'kunjadi. Pantchito, ndiyo ntchito yake. Koma azimayi anamva m'bale wanga wa bere limodzi, ine sindinakonze. Anasala kudya.

Loweruka lapitali Mlaliki analowa pa wilutcheya, mnzake Kamfupi akukankha. Chindevu akum'nyoza pamaso. Kenaka nyamu! Kolala uko, malaya ng'aa, Chindevu pansi. Babashopu yonse kukuwa, ine misozi pansalu ya eni. Dzulo potuluka m'tchalitchi, pakamwa pangapa, ndinanong'oneza Amayi kuti m'bale uja waimirira. Akuti umboni wotere ndi wa mpingo wonse. Lamulungu la pa 16, kutsogolo.

Koma malaya aja. Anang'ambika bwanji?

Lachiwiri, 4 Malichi

Abwereza pa TV masana. Nkhope sindinayang'ane, ndinayang'ana nsalu. Kuchokera pakhosi mpaka pampendero, mzere woongoka ngati wa rula. Khosi la malaya otero limakhala lopinda kawiri, manja salidula. Wina anayamba wadutsapo ndi sizasi. Telala mnzanga, kwinakwake. Ndiye kuti ankadziwa kuti munthuyo adzuka.

Kapena anangofuna kuti wodwala asavutike povula. Zimatheka.

Alamu abwera ndi thalauza yoti ndifupikitse. Atandipeza maso ali pagalasi, kuseka mpaka kugwira mzati. Akuti zonse zija amalemberatu ngati sewero la kusukulu, Chindevu ndi Mlaliki amakwera galimoto imodzi popita kwawo. Alamu sapemphera. Munthu wokana ngakhale za Lazaro angavomere za Mlaliki?

Pakhonde mkangano mpaka dzuwa kupendeka. Adalaivala a takisi akuti zoona zonse, wabodza ndi lefa yekha, amachita kugulidwa, n'chifukwa chake amayang'ana kumbali Chindevu akatulutsa tcheni. Wogulitsa mafoni akuti magazi aja ndi utoto. Adalaivala akuti bwera ndikumenye ndi mpando tione utoto wako. A Wometa anazimitsa makina, kasitomala mutu uli theka, n'kuweruza: "Mkwiyo ndi wabodza, koma kugwa n'kugwa." Atatero anayang'ana ine kudzera pagalasi, n'kumwetulira. Kumwetulira chiyani? Akazi awo amagula ndiwo malo amodzi ndi Amayi abusa.

Ulusi wakuda watsala pang'ono kutha. Wakweranso mtengo.

Lachinayi, 6 Malichi

Mapemphero. Ndinalowa mochedwa dala, koma anandisungira mpando wakutsogolo. Nyimbo zoyamika zokhazokha. Amayi afunsa dzina la m'baleyo kuti abusa akalitchule. Ndinati kwathu timangomutcha Mlaliki. Chipinda chonse ameni. Mmodzi yekha, wa kwaya uja amene mwana wake amameta kwa a Wometa, anaweramitsa mutu, mapewa akugwedera. Kulira kapena kuseka? Sindinaone bwino.

Zonsezo n'zazing'ono. Chachikulu ndi mayi a mapasa.

Amuna awo ndi mmisiri wa madenga. Chaka chatha anaterereka akukhoma malata, kuchokera m'chiuno kutsika palibe chimene amamva. Timawapempherera Lachinayi lililonse mpaka dzina lawo timangolidutsa ngati vesi loloweza. Ine ndemwe. Lero mayiwo anandigwira manja onse awiri pakhomo, manja awo okhakhala ndi sopo. Mafunso. Anayamba kumva chala kapena bondo? Anam'gwira ndani podzuka? Madokotala anati chiyani? Ndinati sindinafunse zambiri, kunja n'kutali.

"Mulungu wa m'bale wanu ndi yemweyo wa kunyumba kwanga," anatero.

Nkhope yowala. Chigwereni amuna awo sindinawaone akuseka.

Pamenepo ndiye panali ponenera. Ndinawalola apite. Ambuye, munaona.

Loweruka, 8 Malichi

Zachitika zimene sindinalote. Mlaliki analowa akuyenda, Kamfupi pambali akumuombera m'manja. Anagwada monga mwa masiku onse. Podzuka anatola mpando wachitsulo, Kamfupi pamsana pha! Munthu amene anam'kankha pa wilutcheya mwezi wonse. Chindevu anabwera, anagwirana chanza. Kenaka pa maikolofoni, Chingerezi ndimamva ine, palibe anachita kundimasulira: akuti khosi lake silinathyokepo, akuti onse amene anamulirira ndi zitsiru.

Chitsiru chimodzi chinali pakhonde, sizasi m'manja.

Adalaivala a takisi anatuluka osameta, akuti sadzaoneranso, munthuyo ndi Yudasi. Sanafike n'kumsewu komwe, anabwerera. Wogulitsa mafoni akuti ubwino wake wayamba tsopano, munthu wabwino amatopetsa. Anyamata ayamba kale kumutcha Mdyerekezi.

Koma taonani pamene mutu wanga wafika. Ngati alamu akunena zoona kuti zonse amalemberatu, ndiye kuti nawonso mawu akuti sanavulale ndi olemba. Mwina anavulaladi, akum'namizitsa. Mwina anachiradi ndi mapemphero athu n'kubwerera m'mbuyo, zimachitika ngakhale mumpingo mwathu. Bodza lili pati, poyamba kapena pomaliza? Ndagwira chimenechi ngati nthambi. Ndikudziwa kuti n'chowola.

Ndasoka mayunifolomu, msoko wokhota. Ndaphwasula.

Lolemba, 10 Malichi

Dzulo abusa alengeza za umboni wanga. Anthu kucheuka kundiyang'ana. Wa kwaya uja potuluka anandifunsa ngati m'bale wanga akadali wogwada. Anafunsa mwaulemu kwambiri. Ulemu umenewo sindiukhulupirira.

M'mawa uno mayi a mapasa pakhonde panga, nsalu yotuwa m'jumbo. Thalauza ya bambo a mapasa, yoti adzavale Lamulungu pomvera umboni wanga. Chigwereni amangovala zazifupi za lasitiki. Anakhala pabenchi, msana kugalasi, kumbuyo kwawo Mlaliki akupondaponda Kamfupi mobwereza. Ine maso pansalu. A Wometa anatsitsa voliyumu osauzidwa. Ndiye kuti akudziwa. Kapena amangolemekeza mlendo.

"Musoke ya munthu woimirira," anatero mayiwo. Mzere wakutsogolo wakuthwa, matumba kumbuyo.

Ndinalandira nsalu. Ndinalandira, ine.

Miyeso yakale akuti sigwiranso, thupi linasintha. Ndipite Lachitatu ndikayeze.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndapita. Chipinda chaukhondo, fungo la sopo ndi mafuta opaka. Bedi pafupi ndi zenera, chingwe chomanga kudenga chodzikokera. Sowo ndi hamala zili pamsomali, zopukuta bwino. Kumiyendo kwa bedi ka TV kakang'ono. Sindinakaganizireko n'komwe. Munthu wogona tsiku lonse amaonera chiyani?

Mayiwo anatuluka kukayanika zovala. Ndili ndi tepi m'chiuno mwawo, bambowo ananena motsitsa, maso kudenga: "Atelala, m'bale wanu uja wamenya mnzake ndi mpando."

Tepi inagwa.

Akuti anadziwa Lachinayi lomwe. Khosi kuthyoka sabata imodzi ndi ya pa TV, kudzuka Loweruka lomwelo, dzina n'kukhala Mlaliki. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti iwo ndi a mbali ya Chindevu chiyambire, munthu woipa sanamiza, umadziwiratu. Akutinso makwerero aja ndi enieni, iwo makwerero amawadziwa, ndipo pogwa anthu aja amabisa chibwano n'kumwaza manja. Pamalata palibe amakuuza kuti konzeka. Ndinaseka nawo pang'ono, Mulungu andikhululukire.

Kenaka anati ndiyeze mwendo. Ndinakweza bulangete. Mawondo onse akuda, lina lotupa. Chigongono chosupuka, chatsopano.

Chichokereni ku mapemphero aja, m'mawa uliwonse ana akapita kusukulu, mayiwo amawakokera amuna awo m'mphepete mwa bedi, kuwakweza m'khwapa, kupemphera, n'kusiya. Akuti m'bale wa atelala sanagwiridwe ndi munthu. Bambowo amagwa. Miyendo simva, koma phewa limamva, ndipo dzulo mutu unaphonya ngodya ya tebulo pang'ono. Mayiwonso msana wayamba, akubisa.

Ndinafunsa chifukwa chake sanawauze akazi awo zoona. Akuti anayesa, anayankhidwa kuti Satana akulankhulira m'kamwa mwawo, ndipo TV igulitsidwa. "Kwa ine sangamve, ati ndilibe chikhulupiriro. Munayamba ndinu, mumalize ndinu."

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Mayiwo atalowa anandipatsa tiyi. Ndinamwa. Sabata yonse ndakhala ndikukayikira a Wometa, wa kwaya, alamu, lefa, telala wakunja amene sindidzamuona. Wodula khosi la malaya ndi sizasi ndinali ine.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndinalawira kwa mayi a mapasa, makina osatsegula, kuti ndifike asanawadzutse bambowo. Ndinawapeza pampopi kuseri, akutsuka mashiti a pabedi. Ndinanena zonse chiimirire. Galasi, tebulo, wilutcheya, mpando. Liwu lija lakuti m'bale. Ndinati ndilibe mchimwene kunja, ndilibe ngakhale kuno.

Sanasiye kufinya. Madzi anatha, iwo kufinyabe. Ndinadikira kutukwanidwa, sikunabwere.

"Ndiye njala ija ndinasalira ndani?"

Anatembenuka kukayanika. Ndinafunsa za thalauza, ngati ndibweze nsalu. Sanacheuke.

Ku mapemphero sanabwere. Mpando wawo pafupi ndi chitseko, pomwe amakhala kuti azithamangira kunyumba, unali wopanda munthu. Ndinauza Amayi abusa zonse patokha tisanayambe. Anavula magalasi, kupukuta nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti anena kuti tingozisiya mwakachetechete. Ayi. Lamulungu ndiimabe kutsogolo, wangosintha ndi umboni. Wa kwaya uja anandipatsa buku lake la nyimbo poona kuti langa ndaiwala. Mwina tsiku lija ankaliradi. Sindikudziwanso kuwerenga anthu.

Lachisanu, 14 Malichi

Makina ndawatembenuza, ayang'ana kumsewu. A Wometa afunsa ngati galasi lawo landilakwira. Ndati kuwala. Anangoti chabwino atelala, n'kukankha chitseko theka. Phokoso limafikabe. Akuti Kamfupi wabwera ndi ndodo zoyendera. Khosi langa linayamba kutembenuka lokha. Ndinaligwira.

Uthenga pafoni kuchokera kwa bambo a mapasa. Lero sanadzutsidwe. Sanalankhulidwenso. Chakudya chinangoikidwa pampando. Akuti mayiwo sanaimbe m'mawa, ndipo chikwatiraneni sizinachitikepo. Mawondo ndawapulumutsa, koma ndathyola china chimene sindikudziwa dzina lake.

Nsalu yotuwa ndadula. Ndinaigwira nthawi yaitali sizasi isanalowe. Ndadula ya munthu wokhala pansi: kumbuyo kotalika kuti isatsike, matumba akumbuyo ayi kuti asatupitse khungu, m'chiuno momasuka. Koma mzere wakutsogolo ndausita wakuthwa monga anapempha. Ili pahang'ala. Ndalama yake sindilandira.

Ambuye, ndili ndi funso, ndipo sindikuchenjera nalo. Azimayi aja anasaladi. Mayi a mapasa anasala atachapa tsiku lonse. Mapemphero amenewo anapita kwa munthu amene khosi lake linali bwinobwino, ndiye sanagwire ntchito. Ali kuti? Ngati mumasunga, ndikupempha muwatembenuze. Nyumba mukuidziwa, ya chingwe kudenga. Kuti bambowo aimirire sindikuuzani, ndaphunzira. Koma mayi aja aimbenso.

Za Lamulungu ndinena ndekha. Chimene ndikupempha ndi chizindikiro chimodzi. Thalauzayi sinditumiza. Ngati mwandimva, mayi a mapasa abwere okha adzaitenge, kaya andilankhule kaya ayi. Ndikhala pakhonde mawa mpaka a Wometa atseke. Ndiyankheni lisanafike Lamulungu.