Bambo Samva Filimbi

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Mbamba Bay. Tonse tili bwino, kupatula bambo.

Lolemba asilikali a m'mudzi otchedwa mgambo anadzawagwira, akuti amanyozera filimbi yoitanira anthu kumunda wa ujamaa, uja wolima mudzi wonse pamodzi. Ndinakalipa: "Munthu samva, mukufuna atani?" Msilikali wina anamenya ng'oma kumbuyo kwawo, bambo n'kutembenuka. "Mwaona? Akunamizira!"

Adokotala a kumishoni andiuza kuti khutu ndi ubongo zimasanja mawu ngati nsambo za bangwe, osongoka ngati a filimbi pawokha, abesi ngati a ng'oma pawokha. Kwa bambo nsambo za mawu osongoka zinaduka. Ng'oma amaimva, filimbi ayi.

Mlandu uliko Lachisanu. Chonde bwerani, inu akuluakulu amakumverani. Bambo akungondifunsa kuti, "Mwanangu, filimbi yake iti?"

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esnati