Sola ya pamanda a bambo

Bondo Rewa, Sumba
Loweruka, 19 Okutobala

Achimwene a Lede,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kuminda ya kanjedza ku Sabah? Phewa lija linasiya kupweteka? Nanga alamu a Koni ndi ana? Kuno mvula sinagwe, dzuwa likuswa mtengo. Nkhumba yaswa ana asanu ndi awiri, kavalo wanu wanenepa. Ine ndilipo. Za amayi ndiye nkhani ya kalatayi.

Kalatayi ndapatsira a Dairo amene akubwerera kumeneko Lolemba. Ndikanatha kukwera paphiri pogwira netiweki n'kukuimbirani, koma ndimakudziwani, mukanayamba kukalipa ndisanafike ndi pakati pomwe. Pepala simungalidule mawu.

Achimwene, ndinakunamizani.

Sola ija munatumiza kuti iziyendetsa kafiriji kosungira mankhwala a shuga a amayi, ndinakuuzani kuti ili padenga. Siili padenga ayi. Mmisiri amene anabwera nayo kuchokera ku Waikabubak atayang'ana udzu wa denga lathu anapukusa mutu, nati sunganyamule, komanso ngakhale titamupatsa njati sangakwere kufupi ndi nsonga kumene kumakhala mizimu ya makolo. Tinazungulira nyumba yonse. Mukudziwa kutalika kwa madenga a pamudzi pano: kuseri mthunzi, kumbali mthunzi wa nyumba ya bambo aang'ono a Ngongo. Malo okhawo amene dzuwa limakhalapo tsiku lonse ndi pabwalo, pamwala waukulu wovundikira manda a bambo.

Ndinati mumtima, pamwala pomwepa timayanikapo mpunga ndi chimanga, nanga galasi lalakwanji? Mmisiriyo anandifunsa kawiri konse ngati mwini mwala wapemphedwa, ine n'kuyankha kuti inde. Kwa Rato, wotilankhulira kwa makolo, sindinapiteko. Nkhuku sinaphedwe, bambo sanauzidwe kanthu. Linali phuma. Ndinali nditatopa ndi kukwera njinga yamoto kawiri pa sabata kukatenga mankhwala mu firiji ya kuchipatala.

Miyezi iwiri yoyamba zinali zokoma. Mababu atatu akuwala, kafiriji kakung'ung'udza pakona, anthu akubwera kudzatchaja mafoni. Ndinkayenda ngati ndine ndinapanga dzuwalo.

Kenaka kafiriji kanayamba kuzima masana, batire n'kumaonetsa kofiira. Ndinapukuta galasi, ndinathamangitsa otchajitsa mafoni, ndinamunyoza mmisiri kuti anatibweretsera chinthu chakufa. Iye anangoseka, nati ndi dzuwa la Okutobala batire singagone ndi njala, ndifufuze chimene chikutchinga.

Lachitatu la sabata yatha mpini wa khasu unathyoka, ndiye ndinabwerako kumunda msanga. Ndinapeza sola yafunditsidwa nsalu. Osati chiguduli ayi, koma nsalu ija ya zithunzi za akavalo ofiira imene amayi analuka chaka chonse n'kusungira maliro awo. Pamwamba pake panali kambale ka bambo ka pinang, mtedza wotafuna uja wofiiritsa milomo. Amayi anali atakhala pambali akutafuna wawo, milomo ili psuu.

Zikuoneka kuti achita zimenezi masabata atatu. Ndikangotsika phiri amafunditsa, akamva agalu akundilandira amavundukula.

Ndinakalipa, Mulungu andikhululukire. Ndinanena mawu amene mwana sauza mayi ake. Iwo anandidikira mpaka mawu anandithera, kenaka anati ndigwire galasilo. Ndinagwira n'kuchotsa dzanja msanga, linali moto. Ndiye anandiuza kuti analota bambo ali thukuta kamukamu, akufunsa amene wawasenzetsa chiwaya popanda ndi odi yemwe.

Ndinayesa kuwafotokozera kuti galasi likapanda kuona dzuwa firiji imazima, firiji ikazima mankhwala amafa, mankhwala akafa wotsatira ndi iwo. Anandiyang'ana ngati ine ndiye wosamva, nati, "Ine ndikamva kutentha ndimanyamuka n'kukakhala pamthunzi. Nanga bambo ako asunthira kuti?"



Lachisanu amayi anagwa ali poluka. Ndinathamangira anesi a Louru, ndipo atayang'ana kabotolo anati mankhwalawo anapsa kalekale, masiku onsewa ndakhala ndikubaya amayi madzi. Shuga wakwera zoopsa, ndipo bala lija la kuphazi layamba kuda m'mbali. Atisiyira mabotolo awiri atsopano, nati ena afika mwezi wamawa. Firiji ikazima ndimawaika mumtsuko wa mchenga wonyowa, koma anesi anena mosabisa kuti ndi kutentha kuno ndisaudalire mtsukowo.

Panopa kumunda ndasiya, ndasanduka mlonda wa manda. Ndikangopita kuchitsime ndimapeza amayi afunditsa. Ndinabisa nsaluyo kunkhokwe, iwo anavula imene anavala m'mapewa n'kuyala pomwepo. Ndingamange mayi anga ndi chingwe ngati mbuzi? Mtima wanga suli m'malo. Ndikangomva kafiriji kati zii, ndimathamangira pabwalo.

Dzana ndinanyamula pinang n'kupita kwa Rato kukaulula zonse. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, nati ana a masiku ano timadziwa kupempha dzuwa koma kupempha bambo athu ayi. Wati nkhaniyi ndi yokonzeka. Nkhuku iphedwe, bambo apepesedwe ndi kupemphedwa, matumbo a nkhukuyo awerengedwe kuti timve yankho lawo. Bambo akalola, sola ikhala pomwepo, kapena atilola kukumba dzenje m'mphepete mwa bwalo n'kuikweza pamtengo. Popanda mwambowo palibe amene angakumbe pakati pa manda.

Koma wopempha ayenera kukhala mwana wamwamuna wa nyumba ino. Ine akuti ndine wongodutsa, tsiku lina ndidzapita kwa amene adzapereke njati za malowolo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikusambitsa amayi ndi kuwabaya jakisoni, ndikadali wongodutsa! Ndinapita kwa bambo aang'ono a Ngongo kuti mwina aimire inu. Akana, ati amene anagula galasi ndiye akalankhule ndi mkulu wawo, bambo athu.

Amayi avomera chinthu chimodzi chokha. Ati Lede akapempha, bambo ake n'kulola, nsaluyo adzapinda okha.

Ndiye chonde, achimwene, bwerani. Ndikudziwa kuti kapitawo wanu ndi wovuta, ndiponso kuti ulendo wa pasitima ndi wa masiku anayi. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitsekochi ine sindiloledwa kuchigwira. Wolakwa ndine. Mudzandikalipire mukafika, pamaso pa mudzi wonse ngati mufuna, ndidzangowerama. Nkhuku ndasankha kale, tambala wofiira uja, ndamumanga mwendo pansi pa nyumba.

Lero m'mawa ndinapeza amayi akusesa pamwalapo. Atatha anayamba kuyeza ndi dzanja mbali ya kumanzere, imene bambo anawasiyira malo. Anadziwa kuti ndikukulemberani, ndiye anati, osatembenuka n'komwe, "Uwauze achimwene ako asachedwe. Akachedwa adzapempha anthu awiri pansi pa mwalawu."

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana, muwauze kuti agogo awo amawatchula tsiku lililonse. Mulungu akusungeni kuntchitoko, ndipo makolo akuwongolereni njira yobwerera kwanu.

Ndilekere pompa. Ndikuona amayi akutsika makwerero, nsalu ili kukhwapa.

Ndine mlongo wanu,
Peda