Mwana wa wonyamula mitengo anamutcha dzina langa

Aphungu,

Mutu wanga waima. Ndine mtsikana, mtolankhani wongoyamba kumene. Bungwe lina lakunja linandisankha kuti lindithandize kulemba nkhani imene dziko silikuimva. Ndinasankha ya mitengo ya keno, yofanana ndi mlombwa, imene ikudulidwa mozemba kutsidya kwa malire ku Casamance n'kulowa kuno ku Gambia.

Nditawoloka malire ndinasungidwa ndi bambo wina, ndingomutcha Landing. Ndi iyeyo amene amanyamula zipikazo pa ngolo ya abulu. Ndinamuuza kuti ndine mtolankhani, iye n'kungoseka: "Lembani, mlongo, jambulaninso abuluwa. Angawerenge ndani?"

Ndili komweko mkazi wake anabereka. Tsiku lometa mwana ndi kumupatsa dzina, nkhosa itaphedwa, ndinangomva akulengeza dzina langa! Amayi onse kundikumbatira, amvekere: "Mwana wanu uyu, kodi muzimudyetsa mapepala?" Ndinalira ndi chimwemwe.

Tsopano mkonzi wa bungwelo akufuna dzina lenileni la Landing ndi chithunzi chake. Akuti popanda nkhope ya munthu nkhaniyo singatuluke. Koma ikatuluka, Landing amangidwa, mwinanso eni ake a malonda a mitengowo amupweteka. Ndikakana, mwayi wanga wapita, mitengonso ikutha ndithu. Kodi ineyo ndine mtolankhani kapena ndine wachibale? Sindikudziwanso.

J.S., Brikama

Mwananga J.S.,

Ndiwe zonse ziwiri, ndipo usadzipusitse. Tsiku lomwe unalandira mwana uja m'manja unalowa m'banjamo.

"Angawerenge ndani" si chilolezo ayi. Landing ankaganiza kuti zithera m'chikwama chako. Gula mtedza wa kola ngati mphatso, ndi kansalu ka mnzako wa dzinayo, ubwerere. Ukamuonetse Landing chithunzicho, umuuze mosapsatira kuti apolisi a mbali zonse ziwiri za malire adzachiona pa foni. Ngakhale atavomera chifukwa cha manyazi, iweyo usavomere. Dzina, nkhope ndi mudzi zisatuluke.

Kenako muuze mkonziyo za mwanayu. Ubale wotere subisidwa, ukadzaululika wokha adzati nkhani yonse ndi yokondera. Mufunsenso malamulo a bungwelo oteteza anthu okupatsa nkhani. Mabungwe ambiri otere ali nawo, ndipo ndikukayika ngati akulola zimene akukuumirizazi.

Komanso iwe, wa abulu ndiye nkhani? Abulu sawoloka nyanja! Tsatira zipikazo mpaka kudoko kumene amazikweza m'sitima zopita kunja, ufufuze amene amagula ndi amene amadinda zikalata. Nkhope yoyenera kutuluka ili kumeneko. Koma usapite wekha, ndipo mkonzi azidziwa kumene uli.

Akakana zonsezi, usiye. Zidzawawa, sindikunamiza, koma mwayi wina udzabwera.

Chenjera ndi ichi: bungwelo chaka chamawa lidzasankha wina n'kukuiwala. Mwana uja adzayitanidwa dzina lako moyo wake wonse, ndipo tsiku lina adzafunsa amayi ake kuti mwini dzinali anawachita chiyani bambo ake.

Aphungu