Mailo a Jordan

3 Okutobala
Ndalakwa ine. Foni ya atate ndaiika sisitemu yatsopano, ati kuwathandiza. Munthu wosaona, zaka zinayi akuiyendetsa ndi chala, iyo n'kumawawelengela maina. Lelo zonse zasuntha, mawu ake enanso. Andiimbila pa foni ya aneba ku Nyimba: "Febby, muli mzimayi wina muno. Sindimudziwa."

5 Okutobala
Foni yafika ndi kondakitala wa basi, yokulunga m'mpango wa malemu amai. Kushopu kutentha, magetsi kulibe mpaka masana. Kuti ibwelele ku sisitemu yakale pafunika siginecha, kafayilo ka chilolezo cha kampani. Umakasunga kampani isanatseke sisitemu yakaleyo. Ikatseka, basi. Amakasitomala ndimawasungila. Atate anga ayi. Ine wokonza mafoni pa msika wonse wa Petauke!

Ndafunsa Jordan, mnzanga wa ntchito ku Lusaka. Yankho lake: "Yakale ija kutseka mailo." Mailo, ndiye kuti dzulo: ndachedwa ndi tsiku limodzi. Sindinayatse n'komwe laputopu. Foni ndaiponya m'dilowa.

6 Okutobala
Masikilini awili, batile imodzi. Dilowa sindinatsegule.

9 Okutobala
Nyimba. Atate ndawabwezela foni, ndawaphunzitsa kuyambila m'mawa. Chala chikupitabe kumene chinazolowela. Kufuna a Sakala a ku kwaya, ikuimbila wogulitsa feteleza. Katatu. Kenako aiika pansi. "Usavutike, mwana wanga, ndakalamba ndine." Bwenzi atangondikalipila.

Nthochi zomwe ndinawagulila pa siteshoni sanadye.

14 Okutobala
Jordan waimba, akuseka. "Unasunga? Ndinakuuzilatu nthawi ilipo." Ndati unati anatseka mailo. Ndiye iye: "Iwe, mailo akubwela. Pa sikisi madzulo."

Mailo a kutsogolo, mawa. Ine ndinamva a kumbuyo, dzulo. Tsiku lathunthu ndi theka chitseko chili pululu, foni ili m'dilowa pafupi ndi bondo langa. Ntchito ya mphindi zisanu. Kumukwiyila Jordan ndayesa, sizikutheka. Bwanji sindinafunse kuti mailo ati?

22 Okutobala
Atate sakuyankha. Masiku anayi. Aneba akuti ali bwino, amangokhala pakhonde, foni ili m'thumba la jekete, yozimitsa. Kukwaya sanapite kawili, palibe wowauza nthawi.

23 Okutobala
Ndawapeza pa foni ya aneba. Afunsa mwaulemu, ngati kasitomala: "Amai okonza mafoni, uja wakale abwela liti?"

Ndati mailo.