Macheke amagona m'dirowa ya alamu, mlandu n'kugwera ine

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi ndili ndi ukali. Ndine kalaliki wa maakaunti pa kafakitale kopanga sopo. Eni ake ndi alamu anga, amuna a achemwali. Ndakhalapo zaka zinayi pa kadesiki ka pakona, pamene fungo la sopo limakulowa mpaka m'tsitsi.

Pali bambo ena amene amatibweretsera makatoni oikamo sopo. Tonse timangowatchula kuti a Makatoni. Pangano lathu ndi loti tikawalipira pasanathe masiku khumi, tizichotsa ndalama zitatu pa handiredi iliyonse. Pulogalamu ya maakaunti ya mu kompyuta imachita yokha zimenezi. Ikaona kuti deti la malipiro lili mkati mwa masiku khumi, imadula disikauntiyo.

Invoisi yawo yoitanitsa malipiro ikafika, ine ndimalemba cheke tsiku lomwelo, n'kulowetsa mu kompyuta kuti talipira, n'kukapereka kwa alamu kuti asaine. Kusaina amasaina ndithu. Kenako amachiponya m'dirowa n'kukhoma. Chimagona mmenemo masabata atatu, mwina mwezi ndi theka. A Makatoni akaimba foni ndimatumidwa kuyankha kuti bwana atuluka pang'ono, bwanayo ali pompo akupemerera tiyi. Kompyuta siidziwa za dirowa, imangodula.

Lachiwiri lapitali a Makatoni anabwera ndi kope lawo lothothoka chikuto, ataonkhetsa ndalama zimene tawadula pa miyezi khumi ndi inayi. Ndalama yake ikuposa malipiro anga a miyezi itatu. Sanakalipe. Anangoti, "Ndinalola kudulidwa chifukwa ndalama yachangu imandithandiza kupikula mapepala asanakwere. Tsono inu mukundidula, n'kumandidikiritsanso. Ine ndidyapo chiyani pamenepa?"

Aphungu, alamu anandiloza ndi bolopeni pamaso pa onyamula katundu n'kunena kuti, "Pepani akulu, ndi kamtsikana aka. Kompyuta sikaidziwa, tinangokalemba poti n'kachibale." Kamtsikana, ine mayi wa ana awiri, amene ndinawaphunzitsa iwowo poyatsira kompyutayo.

Bambo aja atatuluka, alamu anati, "Ufufute madisikaunti onsewo maodita, ofufuza mabuku aja, asanabwere mwezi wamawa, zisaoneke ngati panali chisokonezo. A Makatoni tiwabwezera, koma tizidula pang'onopang'ono kumalipiro ako, poti wolakwitsa ndiwe." Nditakadandaula kwa achemwali, anangondiyankha akupukuta mbale kuti, "Iwe ingopirira. Ukufuna undipasulire banja chifukwa cha makatoni?"

Malipiro amenewo ndi amene amalipira nyumba ndi sukulu ya ana anga. Ndifufute? Ndingosiya ntchito? Kunena zoona, mtima ukundiuza kuti ndikatenge hamala n'kuphwanya dirowa ija anthu onse akuona.

N.T.K., wa pakadesiki ka pakona


Mayi N.T.K.,

Hamalayo isiyeni kaye. Inenso ndapsa mtima powerenga. Munthu wamkulu kubisala kuseri kwa mlamu wake, n'kufunanso kumudyera malipiro, n'zochititsa manyazi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, n'chifukwa chake achemwali anu akuyang'ana kumbali. Nkhaniyi musaipititsenso kukhitchini kwawo, ithere ku ofesi komwe inayambira.

Koma nanunso ndikukalipireni pang'ono. Munkadziwa kuti cheke chili m'dirowa, pakuti woyankha foni munali inu. Komabe munkauza kompyuta kuti mwalipira. Cheke chimene chili m'dirowa sichinalipire munthu. Mbali imeneyo ndi yanu, ndipo mukaivomera nokha palibenso amene angakuopsezeni nayo.

Musafufute kanthu. Mapulogalamu amenewa amasunga mbiri ya amene wafufuta ndi tsiku lake, ndipo dzina limene lidzaonekepo ndi lanu. Lero ndinu kalaliki wolakwitsa deti. Mukafufuta, mudzakhala kalaliki wobisa umboni.

Chitani izi. Pulintani akaunti yonse ya a Makatoni monga ilili lero. Tengani masitetimenti a ku banki, mupemphenso bambowo akubwerekeni kope lawo lija. Papepala limodzi, cheke chilichonse chikhale ndi mzere wake: nambala ya invoisi, deti limene munalemba cheke, deti limene iwo anachilandira, ndi ndalama imene inadulidwa. Pamene analandiradi mkati mwa masiku khumi, disikauntiyo ndi yoona, isiyeni. Musakonze ndi zabwino zomwe chifukwa cha mkwiyo. Pamene masiku anapitirira, mudzalowetsa mzere watsopano wobweza disikauntiyo, wa deti la tsiku limene mukukonzalo, ndi mawu achidule ofotokoza chifukwa. Mzere wolakwika utsale pomwepo, wokonza ukhale pansi pake, ndipo akauntiyo ionetse poyera ngongole imene fakitale ili nayo kwa bambowo.

Musanalowetse mzere ndi umodzi womwe, alamu anu asaine pepalalo. Poti kusaina mwati sikuwavuta.

Za kudula malipiro, kanani ndi kalata yaifupi yaulemu, musunge kope lake kunyumba. Ndalama ya a Makatoni siinalowe m'thumba mwanu, inatsala mu akaunti ya fakitale, ndipo ichokere komweko. Akaumirira, pitani ku ofesi yoona za apantchito mukafunse zimene malamulo amanena. Ntchito musaisiye mwezi uno, chifukwa wothawa maodita ali pakhomo ndi amene amasenzetsedwa zonse.

Kuyambira mawa, malipiro muziwalowetsa tsiku limene cheke chatuluka pakhomo, wolandira atasaina m'kabuku. Ngati pulogalamu yanuyo imalola, zimitsani kudula kwayokhako kuti iziyamba yakufunsani. Ndipo foni ikalira bwana alipo, apatseni ayankhe okha. A Makatoni muwapepese ndi pakamwa panu, chifukwa bodza lija ankalimva m'mawu anu.

Chenjezo langa ndi ili. Alamuwo angathe kukana kusaina, kapena kubwera ndi nkhope yofewa n'kumati tikambirane pachibale. Musalole zapakamwa, ndipo pasiwedi yanu musapatse munthu. Akakana, siyani akauntiyo monga ilili, pepala lanu mulisunge. Mlandu suola. Maodita akafika, aikireni patebulo popanda kukweza mawu kapena kuloza munthu chala. Akaona deti lolembera cheke ndi deti lolandirira zikusiyana ndi mwezi wathunthu, adzafunsa okha kuti chekecho chimagona kuti masiku onsewo. Pamenepo adzayankhe amene amasunga kiyi wa dirowa.

Aphungu